Nsalu ya Maliro pa Bwalo la Ndege

Loweruka, ku Kawama. Mtima ukadali kuwira.

Ndinaperekeza atate ku bwalo la ndege, akupita kumudzi kukaika achimwene awo. Msilikali anakhuthula chikwama chawo patebulo, nsalu yoyera yokulungira mtembo n'kugwera pansi, anthu akuona. Mzungu wina wa kumgodi anangodutsa, osamukhudza n'komwe.

Ndinafunsa msilikaliyo kuti akufunafuna chiyani. Akuti, "Ndi chinsinsi cha boma, bambo. Musafunse."

Atate anatola nsaluyo, kuikung'untha, n'kundiuza chapansipansi, "Mwanawe, pageti la mgodi azungu ankatisecha tsiku lililonse, koma tinkadziwa kuti akufuna kuona ngati taba miyala ya kopa."

Boma limeneli litalowa m'malo mwa la azungu tinalivinira mpaka nsapato kutha. Lero likutipapasa m'matumba, chifukwa chake osatiuza. Malemuwo akagona m'nsalu yafumbi, ndipo ine sindikudziwabe kuti tinalakwanji.