Nkhope ya Amayi Sindipereka

Edo, mwezi wachitatu

Okondedwa achemwali a Otane,

Ndikhulupirira chisanu chatha kumeneko ndipo chifuwa chija chakusiyani. Nanga alamu, mwendo uja uli bwanji? Ine ndili moyo, ndikudya, ngakhale mpunga wa kuno sufika pa wa kwathu ku Echigo.

Aphunzitsi anga a zojambula andichotsa. Muimve kwa ine nkhaniyi, isanafike ndi ogulitsa mankhwala oyendayenda aja ataithira tsabola.

Chaka chilichonse aphunzitsi amasonkhanitsa mabuku ojambulamo a ophunzira tonse, n'kusankha zithunzi zowakomera kuti zilowe m'buku lawo losindikiza, pansi pake chidindo chawo. Ndi mwambo, sindinadandaulepo. Ananditengera zithunzi za achule, mabwato ndi anthu onyamula katundu, ine n'kumagwada kuthokoza. Ulendo uno chala chawo chinaima pa amayi. Ndi chithunzi chija ndinawajambula akuluka nsapato zaudzu, mwezi umodzi asanatisiye.

Inu simuidziwa ntchito yathuyi. Kuti chithunzi chisindikizidwe, wosema amamata pepala lake chafufumimba pa thabwa, n'kulikhula ndi chala mpaka lipyapyale, kenako mpeni umadya zonse. Pepala silibwerera. Ndinakopera chithunzicho katatu kuti atenge chokoperacho. Aphunzitsi anati zitatu zonsezo ndi mitembo, iwo akufuna chamoyo. Chondiwawa n'chakuti sananame. Dzanja langa lakanika kubweza pakamwa paja.

A Gonroku, wosema wathu, anandiseka kuti ndikulirira pepala ngati wandithawa mkazi, pomwe amayi akanaoneka m'nyumba chikwi. Ndinawafunsa kuti akaoneka ngati amayi a yani, poti mutu wake aphunzitsi anali atalemba kale kuti nkhalamba ya kumapiri. Aphunzitsi anati chilichonse chojambulidwa pansi pa denga lawo n'chawo. Ndinawayankha kuti ichi ndinajambulira pansi pa denga la bambo anga, lodontha lomwelo. Ndinathothola tsambalo m'bukumo iwo akuona, n'kulibisa pachifuwa.

Zaka zisanu ndi zinayi zathera pomwepo. Dzina la ntchito limene anandipatsa alanda, ndipo palibe wosindikiza mu Edo muno amene angandiyang'ane. Pano ndikujambula nsomba pa nyali zamapepala za ogulitsa zakudya. Ndikudziwa amalume anena kuti ndikapepese. Muwauze kuti sindipita, ndipo kumudzi sindibwera kudzalima.

Pempho langa ndi limodzi. Tsambalo lili m'kalata muno, ndalikulunga ndi kansalu. Musaliike pa guwa la makolo, utsi wa lubani ungalidetse. Liikeni m'bokosi la zovala, ana azilitsegula atasamba m'manja. Wina akabwera kuchokera ku Edo ndi mawu okoma, mumuuze kuti linapsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa ana onse, ndi kwa amalume omwewo.

Ndine mlongo wanu,
Sadakichi, dzina limene anandipatsa amayi