Dzina la Alamu pa Bwato

Luangwa Boma,
21 Julayi 1997.

Okondedwa alongo anga a Esnart,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Zione kumeneko ku Matero, ku Lusaka. Ife kuno tiliko, kungoti amayi akudandaulabe bondo, ndipo ine ndili ndi nkhani imene ndifuna kukuuzani. Ndatumiza nsomba za pende zouma zisanu ndi a Lovewell amene abweretsa kalatayi. Muziyanikenso, ndikuopa kuti zingachite nkhungu m'basi.

Mukumbukira kompyuta yakale ija ya galasi lobiriwira imene amuna anu, malemu alamu anga a Everisto, anaitola itatayidwa. Munali kukwiya kuti Sande iliyonse tikachoka ku Misa tinali kuthera pa iyo, alamu, a Lovewell, Boyd kalaliki uja, ndi ine. Simunadziwe bwino chimene tinali kupanga. Alamu anali kulemba pulogalamu yoyendetsa makina onse, kuti munthu asamalembe Chingerezi koma azingosankha chithunzi. Anaitcha Bwato. Ankatumizirana madisiki pa positi ndi anzawo okonda makina akale a ku Kabwe ndi ku Kitwe, uyu akonza apa, uyo akonza apo.

Ine wa Giredi 4 ndinalowamo chifukwa cha maukonde. Alamu anandiona ndikuwerenga maso a ukonde posoka, nati chithunzi cha pa kompyuta nachonso ndi maso, ena otseka, ena otsegula. Choncho zithunzi zonse ndinajambula ndine, diso limodzi limodzi: dengu losungiramo zolemba, bwato lowolokera ku disiki ina, ndi ng'ona imene imameza chimene wafuna kufufuta. Boyd ankaseka kuti ndikuluka madoilo ngati mzimayi, ndipo sanafune ngakhale tsiku limodzi kuphunzira kajambulidwe kake. Mayina athu anayi anali kutuluka makina akangoyaka, la alamu pamwamba.

Alongo, pali chimene ndakubisirani chaka chonse. Titaika maliro, Boyd anabwera kunena kuti amusamutsira ku Lusaka, ndimupatse disiki ya Bwato akaisunge pozizira chifukwa kutentha kwa kuno kudzaiwononga. Ndinaopa kuti ikafera m'manja mwanga mudzati ndine, ndipo ndinam'patsa osakufunsani. Mundikhululukire.

Mwezi wa Meyi a Lovewell atapita kukagulitsa nsomba ku Lusaka anakafika kumene okonda makompyuta amakumana. Anapeza Bwato ili pa tebulo, koma tsopano ikutchedwa Boyd System, mayina athu onse atafufutidwa. Munthu wina atafunsa za ng'ona ija, Boyd anati anajambula ndi wantchito wake wa kumudzi. Za ine sindidandaula kwambiri. Koma alamu anakhala pa makina aja zaka zinayi, mpaka miyezi yomaliza akutsokomola, inu mukuwaletsa. Munthu amene anadya m'mbale zanu wawafufuta ngati choko pa bolodi. Kuyambira tsiku limenelo ndikamasoka ukonde ndimakoka mfundo mpaka ulusi kuduka.

Koma Mulungu sagona. Disiki imene Boyd anatenga ili ndi vuto: ukaiuza kuti isindikize pepala, makina amangouma. Alamu anakonza vutolo asanagonekedwe ku chipatala cha ku Katondwe, ndipo disiki yokonzedwayo inatsala kwa ine, m'chitini cha mkaka chimene ndimaika pafupi ndi mtsuko wa madzi. Boyd anandilembera kuti pa 2 Ogasiti adzaonetsa ntchito yake kwa akuluakulu, ndiye akufuna disikiyo. Ananditcha m'bale wake wokondedwa.

Poyamba ndinaganiza zoipaka maginito ya sipika ya wailesi kuti akafike nayo ilibe kanthu. Ndinaigwiradi maginitoyo, koma ndinaibweza, chifukwa ndikanawononga ntchito ya alamu omwe. Ndiye ndinapita ku manda ndi pepala la timabokosi, ndikukopera dzina lawo pa mtanda kuti ndisalakwitse chilembo. Masabata atatu, nthawi iliyonse magetsi akabwera, ndinali kuluka dzinalo m'chithunzi choyamba, pa thupi la bwato lenilenilo: EVERISTO TEMBO ANAPANGA. Si zolemba zimene Boyd angafufute monga anachitira kale, ndi maso a ukonde. Chithunzicho alamu anachimangirira m'kati mwa pulogalamu, ukachichotsa makina sayaka, ndipo disiki yojambulira zithunzi ili m'chitini mwanga.

Ndivomerenso kuti ng'ona ija ndaiveka magalasi ndipo ndaichotsa dzino limodzi lakutsogolo, monga alili Boyd. Aliyense womudziwa adzaizindikira. Ichi sichinali chofunikira, koma sindilapa.

Boyd anabwera Loweruka kudzatenga disikiyo, atavala tayi pa fumbi lonse lija. Mwamwayi magetsi kunalibe, ndiye sanathe kuiyesa. Anaiika m'thumba la shati, nandisisita paphewa.

"Tenson, ukali kuluka madoilo ako?"

Ndinati, "Eya bwana, pang'ono pang'ono."

Manje asankhe yekha: aonetse yakale imene imauma pamaso pa anthu, kapena yatsopano imene ili ndi dzina la mwini wake.

Koma nkhawa zandigwira. Bwanji akapeza wina ku Lusaka wodziwa kumasula zimene ndaluka? Bwanji akanditengera ku polisi chifukwa cha dzino lija? A Lovewell akuti palibe lamulo loletsa ng'ona kuvala magalasi, koma iwo saopa chilichonse. Dzulo galimoto ya boma itaima pafupi ndi nyumba ndinalowa m'chimbudzi mpaka inachoka. Chifukwa chake pansi pa nsombazo mupeza katoni yosokedwa ndi ulusi wa ukonde. Muli disiki ina yofanana, ndipo zina ziwiri ndatumiza kwa anzawo a alamu ku Kabwe ndi ku Kitwe. Musaiike pa wailesi kapena padzuwa, ndipo Zione asaitsegule.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 2 Ogasiti a Lovewell adzakutengani kumalo kumene Boyd adzaonetsere ntchito yake. Muvale chitenje chakuda chija ndipo mukakhale kutsogolo. Musayambe ndinu kumupatsa moni. Makina akamayaka musayang'ane galasi, muyang'ane nkhope yake, ndipo mudzandilembere zonse, ngakhale mmene anamezera mate. Akayatsa yakale, disiki yanu muipereke kwa wamkulu wa msonkhano, munene kuti yachokera kwa mkazi wa mwini wake.

Amayi akupereka moni, sindinawauze kanthu. Moni kwa Zione. Amayi akuti mwanayo tsopano akudziwa kuwerenga. Mupite naye, ndipo mumunyamule kuti aone bwino. Dzina la atate ake aliwerenge yekha, mokweza.

Ndine mlongo wanu,
Tenson.