Nyuzipepala m'Jombo

Lolemba, 10 Julayi 1978
Chisanu cha chaka chino chikufuna kutimaliza ife alangizi a zaulimi. Ndanyamuka pa Chisepo kuli nkhungu yokhayokha, pofika ku mapiri a Ntchisi mapazi atachita dzanzi. Pamtsetse ndaponda buleki osamva kuti ndaponda. Pang'onong'ono ndikanagwera m'chigwembe ndi njinga yamoto ya boma. Masokosi awiriawiri, koma ayi ndithu.

Lachiwiri, 11 Julayi
Mkazi wanga Lidia wandiseka. Ati bambo ake ali mlonda ankakulunga mapazi m'nyuzipepala, kenako jombo pamwamba. Ndatola zakale ku ofesi. Wandikulunga yekha ngati mkate, uku akuseka.

Lachitatu, 12 Julayi
Zatheka! Tsiku lonse zala zofunda bwinobwino.

Ndinali kwa a Kalebe. Abwana akufuna Lolemba ndipereke dzina limodzi la mlimi wopambana m'dera langa, woti alandire satifiketi ya uchikumbe. Palibe chovuta, ndi a Kalebe basi. Munda wa pamtsetse chonchija, dothi silinakokoloke ndi pang'ono pomwe. Manyowa amasenza pamutu, iwo ndi akazi awo, zaka zisanu tsopano. Ndawauza kuti akonzekere. Anangovula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Lachinayi, 13 Julayi


Powoloka kamtsinje madzi analowa m'jombo. Ndinaima kwa a Solomoni, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Anandilandira bwino, mbaula pakhonde. "Vulani alangizi, muumitse mapazi." Ine chitsiru ndinavula. Pepala linagwa pansi n'kutambasuka: tsamba loyamba, chithunzi cha a Pulezidenti, chonyowa, chidendene changa chitadinda pamphumi penipeni.

A Solomoni anawerama, kutola, kukutumula dothi, kupinda kanayi, m'thumba la jekete. Kenako anandifunsa za mbewu ya mtedza ngati palibe chachitika.

Anthu atengedwapo pa zochepa kuposa izi, ndipo ena sanabwerebe.

Lachisanu, 14 Julayi
Galimoto iliyonse ikadutsa pamsewu, ndikumasuzumira pawindo. Lidia sanadye. Akuti wandipereka ndi manja ake. Ndamuuza kuti maso ndinali nawo ine, bwanji sindinayang'ane?

Loweruka, 15 Julayi
A Solomoni abwera okha pa njinga yakapalasa, atanyamula tambala. Mlendo wa ulemu! Takhala pansi pa mango. Za pepala sanatchule. Anangoti, "Ndamva Lolemba mukupereka dzina. Ine ndatumikira dera lino nthawi yaitali, alangizi. Anthu tizisungana."

Munda wawo ndimaudziwa. Mizere yoloza kumtsinje, mvula ikagwa chimanga mizu pamtunda. Ndawauzapo katatu, samva.

Tambala tamumangirira kuseri. Palibe akufuna kumudya.

Lamulungu, 16 Julayi
Ku tchalitchi ndinakhala kumbuyo. Ndimaganiza za ana anga atatu, ndimaganizanso za chipewa cha a Kalebe. Ndikuopa, ndivomere. Kufunda kwa masiku awiri kokha, abale!

Lolemba, 17 Julayi
Ndalemba. Solomoni, zilembo zazikulu. Abwana sanafunse kanthu, anangodinda.

Ndapita kukawauza a Solomoni, mapazi ali m'masokosi okha. Njira yake imadutsa m'mphepete mwa munda wa a Kalebe. Anali pomwepo, anakweza khasu kundipatsa moni. Ndinawonjezera moto, ngati sindinawaone.

A Solomoni anakondwa, anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinadikira, ndinadikira. Pomaliza ndinafunsa motsitsa mawu ngati ndingatenge pepala lija.

"Lili pabwino, musade nkhawa," anatero. "Mphwanga nayenso ndi mlimi, chaka chamawa mudzamuone."