Achimwene Ponyani Thaulo Msanga

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana onse. Nanga bondo lija likadakuuzanibe za mvula isanagwe? Kuno tadzuka. Mwana wanu wakula, wandipitirira msinkhu, ndipo pakamwa ndiye anatengera inu ndithu, sasunga mawu. Ang'ono anu, bambo a m'nyumba muno, nawonso ali bwino.

Ayi, ndanama. Ndimati ndifike kaye pakati pa pepala ndisananene zoona, koma ndalephera kudikira.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pamene foni ilipo. Nkhaniyi ndikaiyamba ndi pakamwa ndingolira basi, inu n'kumangoti halo, halo. Ndaipatsira dalaivala wa basi kuti ikupezeni msanga.

Mwina mwamva kuti Loweruka la sabata yamawa ang'ono anu akukamenyera lamba wa chigawo chonse. Zithunzi zawo zamatidwa pamitengo ya magetsi msewu wonse, pansi pake atalemba dzina lija munawapatsa inu ku garaja, Sipanala, womasula nsagwada. Zaka khumi ndi zinayi ali m'nkhonya, amenya ka 27, apambana ka 21. Pakhoma pali timendulo ndi zikho, koma lamba palibe.

Ndi lamba yemwe uja anawapulumuka tsiku limene inu, muli mphunzitsi wawo pakona, munaponya thaulo loimitsa nkhonya m'raundi yachisanu ndi chitatu. Amati akanapambana. Ine ndinalipo, ndinaona miyendo yawo ikuyenda yokha mwini wake asakudziwa. Chichokereni tsikulo zaka zisanu ndi chimodzi zatha asanakupatseni ngakhale moni. Dzina lanu m'nyumba muno limatchulidwa ndi ine ndekha, nanenso monong'ona.

Alamu, diso lawo lakumanja silikuona.

Zinayamba atamenyana ndi msilikali uja chaka chatha. Poyamba ankati akuona tintchentche tikuuluka. Kenako anati kwatsika ngati katani yakuda kuchokera pamwamba. Tsiku lina m'mawa ndinawaona akuthira tiyi pambali pa kapu, nkhope ili phee, tiyi akuyenderera patebulo. Mwana wanu anaseka n'kuwafunsa ngati tebulo nalonso lili ndi ludzu. Ine sindinaseke. Tsiku lina anaitana mwanayo mokuwa, chonsecho ali chilili kudzanja lawo lamanja, moti akanatha kumugwira.

Ndinawauza kuti tipite akaonedwe. Anati adokotala akangolemba za disolo, chiphaso chawo cha nkhonya chathera pomwepo. Anati ndiwalole amenye kamodzi kokha, atenge lamba, kenako apachike magolovesi abwerere ku masipanala enieni. Munthu wamkulu uja anagwada pakhitchini, alamu, n'kundigwira miyendo.

Tsopano imvani tchimo langa. Mukudziwa kuti ndimakolopa pachipatala chaching'ono chija. Anyamata a nkhonya amapimidwa pomwepo, m'chipinda chachitatu, chimene ndimatsegula ine m'mawa uliwonse. Pakhoma pali chikwangwani cha malemba choyezera maso, lalikulu pamwamba, ang'onoang'ono pansi. Ndachipukuta fumbi zaka zisanu ndi zitatu. Mwezi watha ndinatseka chitseko, ndinatsamiritsa chikolopa pakhoma, n'kukopera malemba onse kuseri kwa envulopu.

Nditawapatsa, ang'ono anu anawaloweza ngati mwana wasukulu. Mzere uliwonse anaupekera mawu kuti usawathawe. Wapansi kwenikweni uli ndi A, P, T, M, ndiye iwo anati amenewo ndi "Achimwene Ponyani Thaulo Msanga". Anaseka mpaka kugwira nthiti, ati nthawi ino thaulo lanu liwathandizako. Mpaka lero akamalumpha chingwe kuseri kwa nyumba amaimba mawu amenewa motsatira phazi. Iwo amaimba mokunyozani. Ine ndikawamva ndili pasinki, ndimasiya kutsuka mbale n'kumamvetsera.

Tsiku lopimidwa anali khumi pamzere, ndipo adokotala anali pachangu. Ine ndinali pakhonde, kukolopa malo amodzimodzi mpaka simenti kuwala. Ndinamva adokotala akuti tsekani diso lakumanzere. Ndinamva ang'ono anu akuwerenga mizere yonse osaphonya, mpaka kumazengereza dala pamzere wapansi kuti zioneke zenizeni. Adokotala anawayamikira, ati maso ngati a mwana. Chidindo chitagunda papepala, ine ndinakasanza kuchimbudzi.

Ndinkadzinamiza kuti munthu wamenya nkhonya zaka zonsezi, thupi lake limadziwa lokha kozembera. Lachiwiri lapitali anaiwala botolo lawo la madzi, ndiye ndinawapititsira kumalo ophunzirira kuja, kuseri kwa garaja. Mukadali momwe munasiyira: fungo la thukuta ndi oyilo, thumba lomenya lija lomata ndi tepi, galasi losweka pakona. Ndinawapeza akuyeserera ndi mnzawo wina wongoyamba kumene, munthu woti kale akanamuthamangitsa ndi dzanja limodzi.

Nkhonya inachokera kumanja kwawo. Ine ndili pakhomo ndinaiona ikunyamuka, ndinaiona ikubwera. Iwo sanaphethire n'komwe. Inawapeza pakhutu, n'kukhala pansi ngati munthu amene wamuchotsera mpando. Anadzuka akuseka, ati pansi pamaterera. Pansi pake panali pouma gwa.

Mphunzitsi wawo watsopanoyu anaseka nawo. Ndi munthu wa inde bwana. Ndamva kuti anachita kulumbira asanalembedwe ntchito kuti pakona sadzanyamula thaulo, thukuta azidzapukuta ndi siponji. Moti Loweruka pakona pawo padzakhala ndowa, siponji ndi munthu womwetulira.

Potuluka ndinaima pachithunzi chija n'kuyang'anitsitsa yemwe akukamenyana naye. Ndi mnyamata wa zaka 24, khosi ngati chitsa. Waima mwendo wamanja patsogolo. Nanenso ndakhalitsa nanu anthu inu, ndikudziwa tanthauzo lake: ndi wamanzere. Dzanja lake lamphamvu lizidzagwera mbali yomwe ija kuli mdima.

Si inu kodi munkawauza anyamata anu kuti nkhonya yopha munthu si yamphamvu ayi, koma imene sanaione? Mawu amenewa sakundichoka m'mutu chiyambire Lachiwiri. Ndikamadya alipo, ndikamakolopa alipo. Ndikuopa, alamu. Ndikuopa kudzawaona atagona pakati pa zingwe, anthu akuwerenga mokuwa pamodzi ndi woimbira, iwo osadzuka. Ndikuopa kuti malemba amene ndinakopera ndi dzanja langali ndiwo adzawaphe.

Dzulo ndinayesanso kuwachonderera. Anandisisita paphewa, ati mantha ndi a anthu okhala pamabenchi. Ati ndisakhale ngati achimwene awo.

Ndiye ndaganiza kukhala ngati achimwene awo.

Lachisanu la sabata yamawayo, tsiku lokwera sikelo, adokotala adzawapimanso onse komaliza m'chipinda chomwe chija. M'kabati ya zotsukira muli chikwangwani china chatsopano, chikadali m'pepala lake, chimene a nesi akhala akundiuza kuyambira kale kuti ndipachike. Malemba ake ndi ena. Ndachisuzumira katatu sabata ino. Makiyi ndimasunga ine, msomali ndi womwewo. Ndi ntchito yoti sindingathe nayo ngakhale mphindi imodzi.

Akadzatseka diso lakumanzere adzayamba nyimbo yawo molimba mtima, ndipo adokotala adzatembenuka kuyang'ana pakhoma. Ang'ono anu si opusa. Asanatuluke m'chipindamo adzakhala atadziwa kale amene amatsegula chitseko chimenecho m'mawa.

Musaganize zoti adzandimenya. Manja amenewa sanandikhudzepo mwaukali chikwatiranireni, ngakhale tsiku limodzi. Chimene ndikuopa inu mukuchidziwa kuposa aliyense. Munthu ameneyu akatseka pakamwa amatseka ngati chitseko cha ndende. Inu munali ndi kothawira, munakwera basi. Ine ndizidzagona naye chipinda chimodzi, kumuikira madzi osamba, iye n'kumandidutsa ngati mpando. Ntchito nayo mwina indithera, chifukwa adokotala akadzafunsa kuti malemba anawapeza bwanji sindidzanama kachiwiri.

Pempho langa ndi ili. Bwerani Lachinayi. Sindikuti mudzawanyengerere, sangakumvereni. Ndikungofuna kuti akamadzatuluka m'chipinda chija adzakupezeni mutakhala pabenchi. Ukali wawo udzagawike pawiri, pakuti ndekha sindingausenze. Ndipo kukakhala kuti pali munthu amene angawaperekeze kwa dokotala wa maso, diso linalo lisanatsatire mnzake, ndi inu amene munawaphunzitsa kukunga chibakera. Chibale ndi fupa, alamu, sichiola.

M'phukusi limene labwera ndi kalatayi mupezamo thaulo lanu. Tsiku lija aliyense ankalilambalala pamene linagwera, ine ndinalitola. Lakhala pansi pa sutikesi yanga zaka zonsezi. Ndalichapa kangapo, koma dontho la magazi lili pakona lakana kuchoka. Mubwere nalo.

Mubwere kapena musabwere, Lachisanu ndipachika chikwangwanicho. Koma mukafika mudzandiuze chinthu chimodzi, poti inu mwayenda kale njira imeneyi: kumuona munthu ali moyo, akuyenda, akudya, koma osakulankhula, kodi zimapiririka?

Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba, muwauze kuti andikumbukire m'mapemphero. Ana onse muwapsompsone. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino pamsewu, ndipo bondolo lisakupatseni chifukwa.

Panopa ali kuseri kwa nyumba, ayamba kulumpha chingwe. Akukuitanani, alamu, kungoti eni ake sakudziwa.

Ndine mlamu wanu,
wa chikolopa uja.