Zinyalala za Yona zinali kuseri kwa chitseko

Amayi, kumeneko muli bwanji, mukupuma ndithu? Ngati mukupuma, dzukani pang'ono mundiyankhe. Paja munkati alongo anu a Lufeyo sangadye za ana a mlongo wawo, nanga lero mukuti chiyani?

Ndiyambe ndi zabwino, musati Esita akadali wamkamwa. Mng'ono wanga Chisomo anachira ku Malosa mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, kulira kwake ndi kwanga. Chimanga cha kumtunda chinadyedwa ndi mbozi, tapeza chochepa koma tifika nacho. Denga la khitchini likudonthabe pomwe munalisiya. Ine ndikadali pa Naisi, kukonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo.

Mpunga sitinakolole. Wakolola ndi amalume.

Titangokuikani, a Lufeyo anaimirira pakati pa mbumba n'kunena kuti munawanong'oneza kuti dimba la kumtsinje mwawapatsa iwo ndi ana awo. Dimba la agogo, limene linadutsa kwa inu chifukwa ndinu mwana wamkazi! Ana awo ali ndi kwawo kwa mayi awo, aliyense akudziwa. Koma mwinimbumba akalankhula anthu amangoyang'ana pansi. Ine ndinati dikirani, amayi anasiya mawu awo. Mukukumbuka tsiku lija mutatuluka kuchipatala, munavala mpango wa chigwirizano n'kundiuza kuti ndikujambuleni pa laputopu? Ndinathamanga kukaitenga. Ndinatsegula anthu akuona, vidiyo mulibe. Ndinasanduka wabodza pa maliro a mayi anga, ndipo a Lufeyo anandimvera chisoni mokweza kuti onse amve.

Ndinadziwa kuti ndi Yona, mwana wawo. Chitsiru ine, ndinamutsegulira akaunti yakeyake pa laputopu yanga ndi mphamvu zonse, ati azilemba makalata ofunsira ntchito. Pa maliro ndiye ankaika nyimbo za kwaya pa laputopuyo. Anafufuta vidiyo, kenako anachotsa ndi akaunti yake yomwe kuti phazi lisaoneke. Koma umboni ndinalibe, ndinangomeza miyezi yonseyi.

Paja munkati wosesa waulesi amakankhira zinyalala kuseri kwa chitseko. Lachitatu masana, magetsi atabwera, mawu amenewa anandikhala pamutu. Mu kompyuta, amayi, chinthu ukachifufuta sichifa pomwepo, chimagwera m'bini. Bini yanga ndinaipenda kambirimbiri, munalibe kanthu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti aliyense ali ndi bini yake, ndipo zonse zimakhala mu foda imodzi imene makina amabisa okha. Ndinalamula kompyuta kuti ionetse zobisika zonse. Inandichenjeza kuti ndikhoza kuwononga zinthu, ndinati onetsa. Foda ija inatulukira yotuwa ngati mzukwa, ndipo mkati munali ina ya manambala ataliatali, ya Yona, munthu amene makina anati kulibe.

Nditaigogoda, akuti mulibe chilolezo. Ine, pa laputopu yanga? Magazi anawira, ndinatsala pang'ono kuimenyetsa pansi. Koma ndinakhala pansi, palibe anandiphunzitsa ntchitoyi ndipo sindinayambe lero kulimbana ndi makina. Ndinalowa pamene amalemba mwini wake wa foda, ndinachotsa Yona, ndinaikapo ine. Inatseguka.

Munali makalata ake a ntchito, zithunzi za atsikana, ndi fayilo imodzi yaikulu yopanda dzina lomveka. Yona anasesa bwalo lonse, anaiwala kukataya bini yake.

Ndinatsegula. Amayi, munatsokomola kaye, kenako munakonza mpango. Munati, "Dimba la kumtsinje ndi la Esita ndi Chisomo, monga linali langa kuchokera kwa mayi anga. A Lufeyo aliyang'anire, asalilime." Pomaliza munandikalipira kuti ndaimika makina mokhota. Ndinatseka shopu dzuwa likadali pamutu, ndinalira mpaka kukhosi kuuma.

Tsopano misozi yatha. Ndakopera mawu anu m'mamemore atatu, ina ili kwa Chisomo, ina ndasokera m'pilo, yachitatu ndikuyenda nayo. Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza chanu, mbumba yonse idzakhalapo, amayi a chigwirizano ndi akulu a mpingo omwe. A Lufeyo akonza kale zolankhula, ndamva kuti agula ndi jekete. Ndidzawasiya alankhule mpaka amalize, apukute ndi misozi yawo ija. Akakakhala pansi, ndidzalumikiza masipika omwe aja Yona ankaimbira kwaya, ndipo mudzalankhula ndinu.

Ndikudziwa mukanati ndiwaitanire kuseri, ndi amalume anga, magazi sasamba. Ayi amayi. Ananditcha wabodza pagulu, adzamvanso pagulu. Sindidzawatukwana, ndalonjeza Chisomo. Ndidzangowayang'ana.

Ndikufuna ziwiri basi. Atuluke m'dimba mvula isanagwe, ndipo anene ndi pakamwa pawo, ataimirira pamutu pa manda anu, kuti anakunamizirani. Akakana, inu muli pafupi ndi agogo kumeneko, auzeni zimene mwana wawo wachita.

Ndimakukondani, amayi, kuposa mmene pakamwa panga pankaonetsera. Chaka chino mpunga wa m'dimba lija ndiwokera ndi manja anga, ndipo woyamba kupsa adzalawa ndi kamwana kali ndi dzina lanu.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Esita