Kamba wa Apongozi Akugona pa Chuku

Aphungu,

Ndithandizeni, mtima wanga suli m'malo. Apongozi anga aamuna ali m'chipatala, anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo kamba wawo anasiyira ine. Kambayu anayamba kumuweta mwamuna wanga asanabadwe. Amamutchula kuti Kapitawo, ati chifukwa amayenda pang'onopang'ono akusuzumira paliponse ngati woyang'anira ntchito. Amakhala m'bokosi lalikulu lathabwa pakhonde.

Ine ndimagwira ntchito ku nazale ya maluwa. Nditaona dothi la m'bokosimo lili gwa, louma, ndinati ayi, bambowa amazunza chiweto. Ndinabweretsa dothi lathu lakuda la manyowa, n'kumathirira m'mawa uliwonse ngati mbande, pamwamba n'kuphimba ndi pulasitiki kuti asazizidwe. Ndinkadzitama ndithu kuti Kapitawo wapeza mayi.

Dzulo nditanyamula mbale yake yomwera madzi, mayo ine! Pansi pake chuku chili mbuu ngati thonje, chayala mpaka m'kanyumba kamene amagona. Fungo lake ndi lija la zovala zoiwalika m'beseni. Kapitawo wasiya kudya, masamba akungowolera pomwepo, m'mphuno mukutuluka tithovu. Nditamunyamula ndinaonanso banga lotuwa pachigoba chakumimba. 

Apongoziwo kulankhula kukuwavuta, koma ndikangolowa mu wodi funso ndi limodzi: "Kapitawo wadya?" Ine ndimangoti, "Wadya, bambo." Tsiku lina anauza mwamuna wanga kuti, "Ameneyo akatsogola, inenso musandiwerengere." Mawu amenewa akundidya. Mwamuna wanga akungoti, "Kamba safa wamba, usadandaule," chonsecho m'bokosimo sanasuzumiremo n'komwe.

Kuntchito ndatengako botolo la mankhwala amene timapopera mbande zikachita chuku. Ndipopere? Kupopera ndikuopa, kusiya ndikuopanso. Nanga akafa, ndikawauza chiyani bambo aja?

Ine wothedwa nzeru,
N.Z.

Mayi N.Z.,

Botololo liikeni pansi musanawerenge mzere wina. Kamba amayenda mphuno ili kudothi, ndipo masamba amadyera pomwepo. Mukapopera, mankhwalawo awapuma, awadyanso.

Simunachite nkhanza ayi. Manja anu anazolowera mbande, basi. Koma manyowa, madzi a tsiku ndi tsiku ndi pulasitiki pamwamba, mayi, mwachilimira munda chukucho!

Lero lomwe kambayo mutulutseni. Muikeni m'bokosi lina loyera, louma, loyala mapepala, pamalo ofunda opanda mphepo yozizira, ndi kambale ka madzi kosazama. Kenaka pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Tithovu ta m'mphuno, kukana chakudya ndi banga la pachigoba si zodikira nazo. Kamba salira, ndiye pamene mwini wake akuzindikira, matenda amakhala atapita patali. Bangalo musalikande kapena kulipaka mafuta, dokotala aliwone momwe lilili. Ndipo mumuuze zonse, za manyowa ndi pulasitiki zomwe.

Bokosi lakalelo litulutseni panja. Valani magolovesi, phimbani kukamwa ndi mphuno, dothi lonse mutaye. Musakokole pamwamba pokha, chuku chooneka ndi chochepa poyerekeza ndi chimene chalowa pansi. Tsukani ndi madzi otentha ndi sopo, pukutani ndi viniga, tsukuluzani bwino, liume padzuwa mpaka fungo lonse lithe. Mbale ndi kanyumba kaja chimodzimodzi. Thabwa limene lada kapena lafewa lichotseni.

Pobwezera, ikani dothi loyera lopanda manyowa kapena feteleza. Pulasitiki asabwererenso, mpweya uziyenda. Akamba amasiyana, ena amafuna chinyezi chochulukirapo, choncho funsani dokotalayo za mtundu wa Kapitawo. Ngakhale zili choncho, matope ayi. Ngodya imodzi yonyowa pang'ono, kwina konse kouma, kuti azisankha yekha. Chakudya muziika pambale yaphanthiphanthi, zotsala ndi ndowe muzichotsa tsiku lomwelo, ndipo muzisuzumira pansi pa mbale ya madzi. Mukamugwira, sambani m'manja.

Mwamuna wanuyo mugwireni dzanja akaone yekha, bokosilonso anyamule ndi iyeyo. Za apongozi, "wadya" uja musiyeni. Mukachoka kwa dokotala, pitani awiri mukawauze modekha kuti Kapitawo anagwidwa ndi chimfine ndipo akulandira thandizo. Muwafunsenso kuti amamusamala bwanji nyengo yozizira. Munthu amene wagona m'chipatala amatsitsimuka akaona kuti kunyumba akufunikabe.

Koma ndikuchenjezeni. Musati ndipita Loweruka, musati ndipopereko pang'ono pokha. Botolo libwerere ku nazale, kamba apite kwa dokotala, zonsezi lero. Bambo aja akadzatuluka m'chipatala sadzayamba n'kulowa m'nyumba, adzafikira pakhondepo. Adzapeze kamba woyetsemula, osati bokosi lotsuka bwino lopanda mwini.

Aphungu