Mawu a Yurleidis pa Ngolo ya Chinangwa

Magangué,
14 Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Griselda,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kunja konko ku Antofagasta ndipo msana uja wasiya kukuvutani. Kuno kukutentha, mtsinje wadzaza, udzudzu ukutimaliza. Kalatayi ndapatsira a Ofelia amene akubwerera konko Lachisanu. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundipatsa mpata. Mumayankhula ngati wailesi, ine n'kumangoti "inde, inde" mpaka mwadula.

Uthenga wanu ndinaumva. Mwati ndimulande foni mwana wanu Yurleidis, ndiletsenso mawu ake amene akumveka m'misewu, chifukwa watichititsa manyazi. Imvani kaye mmene zinayambira, pakuti amene anakutumizirani mawuwo sanakuuzeni zonse.

Mukudziwa kuti kusukulu anandipatsa gulu la achinyamata loti ndiziwaphunzitsa kudziteteza pa intaneti, iwonso azipanga mauthenga ochenjeza anzawo. Ine ndi uphunzitsi wangawu ndinayamba ndi zikwangwani zolembedwa kuti, "Musauze mlendo kumene mumakhala." Anawo anawerenga n'kuyasamula. Kenako anajambula timavidiyo tawo, toseketsa ndithu, koma oonera anali omwewo amene anajambula.

Tsiku lina Yurleidis anatsalira anzake atatuluka, n'kundionetsa foni yake. Munthu wina ankamulembera kuti akusankha atsikana okavina m'gulu lalikulu pa chikondwerero cha magule cha kanivala, mumzinda wa Barranquilla. Ankadziwa sukulu yake, ankamuyamikira kavinidwe. Anapempha chithunzi, ati choyezera chovala cha gule, ndipo mwanayu anatumiza. Atatero munthuyo anayamba kufuna zithunzi zoipa, akumuopseza kuti akakana amwaza choyamba chija paliponse. Tinapita limodzi kupolisi tsiku lomwelo. Mwanayu anandipempha kuti ndisakuuzeni mpaka atapeza yekha mawu okuuzirani, ine ndinavomera. Ngati mukufuna womukalipira pamenepo, ndilipo.

Ndinkaganiza kuti asiya kubwera kugulu kuja. Ayi ndithu, anabwera, n'kukweza dzanja.

"Aphunzitsi, mavidiyo athuwa akuonera ndani? Ana ambiri kuno akuleredwa ndi agogo, makolo ali kunja. Agogo sadziwa n'komwe potsegulira foni. Koma palibe agogo amene samva a Eustorgio."

Kalasi yonse inafa ndi kuseka. A Eustorgio mukuwakumbukira, aja a ngolo yokokedwa ndi njinga yamoto, amene chimkuzamawu chawo chimatidzutsa chikufuula kuti, "Chinangwa chofewa! Nthochi! Tchizi chalero!" Mnyamata wina wovuta, Wilfrido, anati, "Ndiye uthenga wathu uzikhala pakati pa chinangwa ndi tchizi?"

"Eya," anatero Yurleidis. "Iwe ukamva tchizi suthamanga?"

Tinakawapeza akuluwo kudoko. Anamuyang'ana mwanayu n'kuti, "Mwana wa Griselda iwe? Mayi ako ankandibera mango ali ngati iwe. Chabwino, koma ufupikitse, anthu asaiwale kuti ndikugulitsa chinangwa."

Ine ndinamulembera mawu oti awerenge, aulemu, opanda dzina la munthu. Anawawerenga kunyumba n'kupukusa mutu. "Mayi aang'ono, awa ndi mawu a m'buku. Anthu akamva angoti zimachitikira ana a kulikulu ku Bogotá." Analowa kuchipinda, najambula ake. Ndikukulemberani onse, kuti mumvenso amene anakubisirani:

"Ndine Yurleidis, mwana wa a Griselda. Munthu wina anandilembera pa foni kuti andilowetsa m'gulu la kanivala. Anali wabodza. Ndinamutumizira chithunzi, anayamba kundiopseza. Ndinauza mayi anga aang'ono, ndipo sindinafe. Ngati akukulembera iwenso, usafufute, onetsa munthu wamkulu, wolakwa si iwe. Inu agogo, funsani adzukulu anu lero, koma musawamenye."

Ndinamuuza kuti anthu adzamunena. Yankho lake sindidzaliiwala. "Anene. Munthu uja akudalira manyazi anga. Ndikanena ndekha, iye atsala ndi chiyani?" Achemwali, ine pa msinkhu wake ndinkaopa ngakhale kufunsa mtengo wa sopo m'sitolo.

Kunena ananenadi. Azimayi ena a kutchalitchi ankatsitsa mawu ndikamadutsa, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene anathamangira kukutumizirani. Yurleidis ankapitabe kusukulu tsiku lililonse osaweramitsa mutu, ngoloyo ikudutsa pambali pake ikutchula dzina lake. Anzake aja anatumizanso mawuwo m'mafoni a makolo ndi a magulu a mpingo.

Lachinayi lapitali kusukulu kunabwera a Tomasa, aja ogulitsa nsomba kudoko, atagwira dzanja mdzukulu wawo Dayanis, kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri. Anamva mawuwo akusankha chinangwa. Atafika kunyumba anafunsa mwanayo modekha, monga anauzidwira, mwana n'kuyamba kulira. Pansi pa bedi panali chikwama cholongedwa kale. Loweruka amayenera kukwera basi ya ku Barranquilla, ndipo munthu yemwe uja anamulonjeza kuti akamudikira padepoti.

"Ali kuti mwana wa pa ngolo uja?" anafunsa a Tomasa.

Nditamuitana, anamugwira masaya ndi manja awo onunkha nsomba, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mayi ako ali kuti, ndikawathokoze? Anabala munthu."

"Ali kutali," anatero Yurleidis. Chiyambire nkhani yonseyi, kupolisi, kusukulu, m'misewu, sindinamuonepo akugwetsa msozi. Analira pamenepo.

Munthu uja sanagwidwebe, apolisi ati akufufuza. Ana enanso atatu abwera ndi mafoni awo kudzandionetsa. Wilfrido amene ankaseka uja wajambula uthenga wake wochenjeza anyamata, ndipo a Eustorgio akudandaula kuti chinangwa chawo chatsala ndi malo ochepa pa chimkuzamawu.

Tsono foni sindinalande, ndipo sindilanda. Ndimakulemekezani, koma pa ichi chokha mundikhululukire. Mawu amene munanena aja sindinamuuze, koma mwanayu si wopusa, waona kuti mwasiya kuimba. Akudya pang'ono. Anaimirira pamaso pa tauni yonse osanjenjemera, koma foni ikangolira amayang'ana dzina, n'kuibwezera pansi mwakachetechete.

Amayi akupereka moni, ati mafuta opaka mawondo aja atha. A Eustorgio ati mango aja anakukhululukirani. A Tomasa asiya nsomba ziwiri zazikulu, ati ndi zanu, ndiye tadya m'malo mwanu. Yurleidis ndamufunsa ngati ndikulembereni moni wake, wati ndisalembe, akufuna anene yekha. Lamlungu tikabwerako ku Misa foniyo idzakhala pa tebulo, iye ali pompo. Imbani, achemwali, ndipo ulendo uno muyambe ndi kumvetsera.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Nohemí